Thumba la Kumanja

Amuna anga anthu amawatchula a Mawaya, chifukwa akhala akukonza mawailesi zaka makumi anayi. Ine ndine telala. Impso za bambowa zinasiya ntchito kalekale, ndiye Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu timapita kuchipatala kukawasefa magazi pa makina. Mapaipi amalowera pamkono wamanzere, pomwe madokotala analumikiza mitsempha. Mkono umenewo ndiye bwana m'nyumba mwathu: sunyamula ndowa, suvala wotchi, ndipo sautsamira pogona.

Chaka chatha mtima nawonso unayamba ulesi. Adokotala anati awaika kachipangizo ka batire pansi pa khungu la pachifuwa, kuti kazikumbutsa mtimawo ntchito yake. A Mawaya anakondwa ngati akwezedwa pantchito, mpaka kupempha kuti akatsegule kaye aone mawaya ake. Chenjezo linali limodzi, loti maginito asayandikire pamenepo. Apo ndinagwira njakata, chifukwa bambowa amasunga maginito a sipika m'thumba la malaya, omatirapo timasikuluu kuti tisasowe.

Pa benchi yodikirira ndinafunsa mayi wina yemwe amuna ake anawaika kale, ndipo anati amakaika kumanzere. Basi, ine osafunsanso kwina. A Mawaya ali chigonere m'chipatala, ndinatenga lezala n'kuchotsa matumba pa malaya awo onse asanu ndi awiri, n'kuwasokera kumanja. Ntchito yaukhondo, osaoneka n'pomwe padutsa ulusi. Ndinadzitama ndithu.

Chilondacho ndinkachitsuka ndekha, ndi manja angawa, masabata awiri. Koma mutu wanga nkhani ya matumba unali utaitseka kale. Atachira anavala malaya aja n'kubwerera ku kashopu kawo, ndipo ndinapuma. Kumeneko n'komwe kokha anthu sawafunsa kuti mwadzuka bwanji ndi nkhope yachisoni. Amangoti wailesi yanga yatha kapena ayi.

Patatha miyezi itatu tinapita kokaunika. Adokotala anaika kambale kakang'ono pachifuwa n'kuyang'ana pa kompyuta. Kani kachipangizoka n'kakazitape, kamalemba zonse. Kanaonetsa kuti maginito amakhala pamwamba pake Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka, kuyambira m'mawa mpaka masana. Adokotala anafotokoza kuti nthawi yonseyo kamakhala ngati kamangidwa manja, moti mtima utasokonekera sikangathandize. Anati ngati zili choncho, shopuyo itsekedwe.

Ine ndinapsa mtima, osanama. Ndinawalalatira amuna anga pomwepo kuti ndinaononga maso kusoka malaya asanu ndi awiri, iwo n'kumagonabe pa masipika ngati mphaka. A Mawaya anangoyang'ana nsapato. Anesi omwe amawasefa magazi aja, mayi wa pakamwa ngati ine ndemwe, ndi amene ananyamula malaya pampando.

“Amayi, telala wake ndani ameneyu woika thumba kumanja?”

Ndinayankha monyada kuti ndine. Anesiwo analoza chipsera pachifuwa cha amuna anga. Chinali kumanja. Anandikumbutsa kuti kwa anthu osefedwa magazi amapewa mbali ya mkono wa makina kuti mitsempha isatsekeke, ndipo anali atandiuza tsiku la opaleshoni lomwelo. Ndiye kuti ine ndinachotsa thumba pomwe panalibe vuto, n'kukalikhazika pamwamba penipeni pa batire. Ndinachita manyazi mpaka makutu kutentha.

Ndinawafunsa bambowo ngati sanaone.

“Ndinaona tsiku loyamba,” anatero. “Maginitowo ndinkasiya patebulo, koma dzanja likatanganidwa limakaponya lokha.”

“Nanga osanena bwanji?”

“Munali mutasoka bwino, amayi.”

Ndinafuna kuwatukwana. Adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi, kenako anatipatsa mwezi umodzi. Kazitape uja akanenanso za maginito, shopu itsekedwa basi.

Tsiku lomwelo lezala inagwiranso ntchito. Malaya onse alibe thumba tsopano, ndipo maginito ndinawasokera kathumba kawokawo pa bondo la thalauza. Mwezi unatha kompyuta ili phee, shopu ikadali yotsegula. Koma dzanja la zaka makumi anayi silimva. Ndikawapititsira tiyi ndimaliona likukwera kuchifuwa ndi kasikuluu, osapeza thumba, n'kungokhala pomwepo kanthawi. Dzulo ndinawafunsa kuti mukufunanso chiyani pamenepo.

“Palibe,” anatero. “Ndikungomvera ngati wailesi ya m'chifuwayi ikulirabe.”