Kugogoda Denga la Galimoto

Kusukulu ankanditchula Chete, ndipo sindinkadandaula chifukwa dzinalo silinkanama. M'gulu lathu tinalimo asanu: ine, Tsabola wa pakamwa posatseka, Mandala amene ankawerenga ngakhale pepala lokulungira sopo, Bwana, ndi Kanyerere, mnzanga wa desiki imodzi kuyambira chaka choyamba. Titamaliza mayeso, bambo ake a Bwana anatibwereka galimoto yawo yakale kuti tikaone msewu wa m'mapiri, uja umakwera mpaka kukalowa m'mitambo.

Gulu lathu linali ndi lamulo. Tikasemphana maganizo sitinkalimbana nthawi yaitali: wina ankatchula mfundo, ogwirizana nayo n'kugogoda desiki. Mbali ya manja ambiri ndiyo yapambana, ndipo nkhani yathera pomwepo. M'galimoto munalibe desiki, ndiye tinkagogoda denga. Nyimbo yoti timvere, denga. Malo oti tiime, denga. Ine sindinkagogoda. Ndinkachita manyazi kuti dzanja langa lioneke lili mbali ina, choncho anzangawo ankangoti, "Chete ali ndi ambiri," n'kupitiriza ulendo.

M'mawa wa tsiku lokwera phiri tinadzuka tili ndi nthabwala zambiri. Mitengo inayamba kufupika, kenako inatheratu, kunangotsala miyala ndi timaudzu touma. Makutu anatitseka. Galimoto inkalira ngati ikupepesa, Bwana atakanirira giya yoyamba. Paketi ya mabisiketi inafufuma yokha ngati chibaluni, ndipo Mandala anatifotokozera za kuchepa kwa mpweya kumtunda ngati ifeyo sitinali naye m'kalasi.

"Aphunzitsi, belu lalira kale," anatero Tsabola. Tonse tinaseka, kupatula Kanyerere.

Kanyerere ndi munthu woimba nthawi zonse, ngakhale mawu ake ndi oipa. Tsiku limenelo anangoyedzamira paphewa panga, akuti mutu ukumugunda. Patapita kanthawi anasanza pawindo.

"Ndinakuuza kuti usamadye ngati ukusamuka," anatero Tsabola akumupatsa botolo la madzi.

Botololo linamupulumuka m'manja. Ankapuma ngati wathamanga mtunda, chonsecho anali chikhalire. Milomo yake inada modabwitsa. Kenako ananditembenukira n'kundifunsa, mwaulemu ndithu, ngati amayi ake anapolisha nsapato zake za kusukulu. Sukulu tinali titamaliza.

Bwana anaimika galimoto pakona yotakasuka kuti injini ipume. Tinamutulutsa Kanyerere kuti apitidwe mphepo, koma ankayenda mopepesuka ngati woledzera, ndipo tinamubwezeranso pampando.

"Tibwerere," ndinatero.

Onse ananditembenukira.

"Ee! Wailesi ija yayamba kugwira!" anatero Tsabola.

"Tibwerere kumunsi. Sakupuma bwino."

"Aliyense mutu ukumupweteka kuno, aise," anatero Bwana. "Patsala pang'ono tifike pamwamba. Tikajambulitsa chithunzi, titsikira mbali inayo. N'chimodzimodzi."

"Pang'ono pake ndi potani?"

Bwana sankadziwa. Mandala anakankha magalasi ake n'kunena chapansipansi kuti, malinga ndi mapu, mbali inayo msewu suyamba kutsika msanga, umayenda pamwamba pomwepo mtunda wautali. Bwana anamuyang'ana ngati wamuponda chala.

"Basi, denga ligamule," anatero Tsabola. "Lowani nonse."

Tinalowa, zitseko phwa.

"Ofuna kubwerera," anatero Tsabola.

Ndinagogoda. Kanali koyamba, ndipo ndinamenya mwamphamvu moti zala zinachita dzanzi. Patapita kamphindi Mandala naye anagogoda, mofatsa ngati wafika pakhomo pa eni.

"Ofuna kukafika pamwamba."

Bwana anagogoda. Tsabola anagogoda. Awiri kwa awiri. Ndinkaganiza kuti zikatero ndiye nzeru zibwera, kuti wina ayang'ana nkhope ya munthu wodwalayo. Tsabola anayang'anadi, koma osati mmene ndinkaganizira.

"Kanyerere, mwana wa mayi," anatero Tsabola ndi mawu okoma ngati akunyengerera khanda. "Iwe ndi amene unkalota za phirili. Ukufuna anzako abwerere chifukwa cha iwe? Sukufuna, eti? Gogoda, mami."

Kanyerere anatsegula maso pang'ono. Sindikudziwa chimene anamva. Anatukula dzanja, koma linangofika m'mutu mwake n'kuyamba kugwa. Tsabola analigwira pachigongono n'kulikankhira m'mwamba mpaka zala zinakhudza denga.

"Atatu!" anatero Bwana, dzanja lili kale pakiyi.

Mpaka lero ndimakumbukira kachiphokoso ka zala zija padenga. Munthu wosadziwa kuti sukulu inatha, akumuwerengera voti. Ndinatembenukira kwa Mandala, poti iyeyo anali mbali yanga.

"Waona zimene wachita?"

"Ndaona," anatero akuyang'ana mawondo ake. "Koma lamulo ndi lamulo. Tagonja."

Uyu ndiye anandikwiyitsa koposa onse. Bwana ndi Tsabola ankafuna chithunzi, zawo zinali zodziwika. Koma Mandala ankadziwa zimene zinkachitika m'chifuwa cha Kanyerere kuposa tonsefe, n'kusankha kulemekeza masewera amene tinayambitsa kalekale pokanganirana mpando wa pawindo.

Ndinatsegula chitseko galimoto isanasunthe. Mphepo inandimenya kumaso ngati mbama. Ndinatulutsa chikwama changa ndi cha Kanyerere n'kuziponya pamiyala.

"Iwe Chete, usatichedwetse!" anakuwa Bwana. "Uyenda wapansi?"

Kunena zoona, sindinkadziwa choti ndichite. Kenako ndinamva kulira kwa mabuleki kumtunda, ndipo pakona panatulukira lole ikutsika pang'onopang'ono, itanyamula nkhosa. Ine amene ndimaopa kufunsa mtengo wa chinthu m'sitolo, ndinavula juzi yanga yofiira n'kukaima pakati pa msewu ndikuigwedeza.

Loleyo inaima pafupi kwambiri moti ndinamva kutentha kwa injini. Mkati munali bambo wachikulire ndi akazi ake. Mayiwo anatsitsa galasi.

"Mwana iwe, ukufuna kufa?"

"Pepani, amayi. Mnzanga wadwala. Sakupuma bwino. Tithandizeni, mutitsitse."

Anatsika n'kusuzumira m'galimoto yathu. Sanafunse zambiri. Anangoti, "Mutengeni," n'kuuza amuna awo kuti asunthe katundu pampando.

Mandala anandithandiza kumunyamula. Ndinaganiza kuti akwera nafe, koma atamukhazika anabwerera m'mbuyo akupukuta magalasi.

"Ukuchita zinthu ngati filimu," anatero Tsabola. "Akanagona pang'ono n'kudzuka ali bwino. Ukutichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Ukapita, usadzatinso ndiwe wa gulu lino," anawonjezera Bwana.

Ndinangotseka chitseko cha lole.

Tinatsika mothithikana, Kanyerere atagona pamiyendo panga, mayi aja atamufunditsa bulangete lonunkha nkhosa. Pakona iliyonse ndinkaika khutu pakamwa pake. Mitengo itayamba kuonekanso, kupuma kwake kunayamba kufatsa. Anatisiya pachipatala chaching'ono cha m'tsinde mwa phiri, ndipo anakana ngakhale mabisiketi amene ndinkafuna kuwapatsa.

Anesi anamuveka chipangizo cha mpweya kumphuno n'kundifunsa kuti wayamba liti kuyankhula zosokonekera. Nditawauza, anapukusa mutu.

"Ndipo anzanuwo apitiriza kukwera?"

"Eya."

Anandikokera mpando.

Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, Kanyerere anadzuka ali munthu. Anapempha tiyi, anadandaula kuti tsitsi lake likununkha khola. Ndinatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe. Kenako foni yake inalira. Chinali chithunzi: Bwana, Tsabola ndi Mandala ataima pamwala waukulu, mitambo ili pansi pawo, mano onse pamtunda. Pansi pake analemba kuti, "Tafika! Uchire msanga, Kanyerere wathu."

Anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchikulitsa ndi zala.

"Ukanangodikira pang'ono," anatero, "bwenzi nanenso ndili pamenepa."

"Kanyerere, unkafunsa za nsapato za kusukulu."

"Sindikukumbukira zimenezo. Tsabola walemba kuti ndinagogoda ndekha kuti tipitirire."

"Anakunyamula dzanja! Ndinaona ndi maso angawa!"

"Tsabola sangachite zimenezo," anatero. "Iwe umangoopa zilizonse. Tsopano azindiseka chaka chonse kuti ndinatsika phiri ndi nkhosa."

Munthu amene ndinkamumvetsera kupuma njira yonse ankagwiritsa ntchito mpweya womwewo kundidzudzula.

Anesi anabwera n'kunena kuti salola wodwala kutuluka popanda munthu wamkulu wa kwawo, ndiponso kuti asayerekeze kukweranso phirilo pa ulendo uno. Kanyerere anandigwira dzanja.

"Ukaimbira amayi, uwauze kuti ndi m'mimba chabe. Chonde. Akamva zonse sadzandilolanso kuyenda ndi anzangawa."

Ndinatuluka panja pomwe foni inkagwira bwino. Amayi ake atayankha, ndinawapatsa moni, kenako ndinawauza zonse: milomo, nsapato, chigongono, lole. Sindinasiye kalikonse, ngakhale dzina la amene anayatsa galimoto. Anangoti, "Khala naye pompo, mwanangu. Malume ake anyamuka tsopano."

Nditabwerera m'chipinda, Kanyerere anandiyang'ana kumaso n'kudziwa. Anatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa mpaka kumutu.

Malume ake anafika m'mawa mwake. Ulendo wonse wobwerera kunyumba Kanyerere anakhala kutsogolo, ine kumbuyo ndi zikwama, ndipo sanandiyankhule. Titafika pageti pathu anangoti, "Juzi yako," n'kundipatsira pawindo juzi yofiira ija, imene ndinamuveka m'lole. Amayi ake anamuletsadi maulendo a gulu lija, ndipo iye amati ndi chifukwa cha ine. N'zoona, ndi chifukwa cha ine. Amayi anga amandiuza kuti ndipite ndikamupepese kuti ubwenzi usafe. Ndavala nsapato kangapo kuti ndipite, koma ndikafika pakhomo ndimadzifunsa kuti ndikapepesa chiyani kwenikweni, ndipo ndimazivulanso.