Thunthu la Nthochi la Adérito

"Mana, musadzalole kuti andikwiririre nthochi," anatero Adérito kwa Felismina, mlongo wake wamkulu amene ankamutchula kuti mana, ndipo iye analonjeza.

Inali nthawi ya nkhondo. Adérito, mlongo wake wamng'ono, anali atangolowa usilikali pamene a m'tchire, oukira boma aja, anamugwira. Anadutsa naye pamudzi pawo ku Molumbo atamumanga chingwe m'chiuno, atamusenzetsa chimanga cha mayi ake omwe. Kwawoko munthu akafera kosadziwika, amakulunga thunthu la nthochi m'nsalu n'kuliika m'manda m'malo mwake. Adérito ankati akakuika uli moyo, njira ya kwanu imatsekeka.

Felismina anathawira ku Malawi, kenako ku Beira, n'kukalambira komweko. Pobwerera kwawo anapeza Milange wina, wa njinga zamoto ndi nyimbo zogonthetsa m'kutu. Mitengo imene ankailota zaka zonsezi inali itawotchedwa makala. Abale sanamuitane chifukwa chomusowa ayi. Gilda, mwana wa mng'ono wake, ankangopita padera, ndipo sing'anga anati ndi mzimu wa malume ake, ukusowa pogona. Kudula nthochiyo inali ntchito ya mlongo wamkulu.

"Mayi aakulu, inu anu munabereka, ali kutauni," anatero Gilda. "Ine ndizingokwirira ana chifukwa cha munthu wopanda ndi chithunzi chomwe?"

"Mtembo wake anauona ndani?"

"Kafunseni a Hélder. Akukumba manda uko."

Hélder ndi amene anagwira chingwe tsiku lija. Tsopano ankatsogolera nyimbo kutchalitchi. Anatulutsa mutu m'dzenje, n'kuseka ndi mano ake otsalawo.

"Dona Felismina! Koma Beira yakukondanitu, thupi lonseli!"

"Mlongo wanga munamusiya kuti?"

"Kumsasa, kuseri kwa phiri. Ife atatisamutsa, iye anatsala."

"Wamoyo?"

"Amayenda ndithu. Mapazi atatupa, koma amayenda." Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Ankatiseketsatu mnyamata uja. Ukangomukwapula, basi, 'mana, mana,' ngati kambuzi. Zankhondo izo, Dona, tinakhululukirana kale."

Anzake okumba anaseka. Mmodzi anafunsa ngati dzenjelo alitalikitseko.

"Lakwana," anatero Hélder, n'kudzigwira pachifuwa. "Ankandilekeza apa. Kanali kamunthu kochepa."

"Bodza," anatero Felismina. "Anali wamtali kuposa inu."

"Ndani akukumbukira, Dona? Afunseni onsewa."

Felismina anawayang'ana. Ena anabadwa nkhondo itatha, akuluakuluwo anangoyang'ana pansi. Mnyamata wina anali atapita kale kunthochi ndi chikwanje, akuloza kamtengo kowonda, kosabereka n'komwe, kolingana ndi dzenje la Hélder.

Felismina anamulanda chikwanjecho. Anayenda pakati pa nthochizo mpaka anapeza yaitali, yowongoka. Anaimirira pafupi nayo, n'kukweza dzanja kufika pamene ankafikira akamamutula mtolo wa nkhuni mlongo wake.

"Talikitsani dzenjelo," anatero.

Nthochiyo anadula yekha, ndipo dothi loyamba anaponya ndi iye.