Boneti Inali Yofunda

Loweruka limenelo amake mapasa anachapa matewera, anakolopa, anayanika matiresi amene ana anakodzera, kenako anakasiya anawo kwa apongozi. Ntchito yotsala inali imodzi: kuperekeza amuna awo kukaona galimoto. Ndalama zogulira zinali zomwe awiriwa anasunga kwa zaka zinayi kuti agule puloti, ndiye sakanalola kuti bamboyo apite yekha.

Galimotoyo anaipeza kuseri kwa shopu ya matayala. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yotsika ngati ikununkhiza pansi.

"Makilomita 41,000 okha, bwana," anatero wogulitsa, akuloza manambala. "Kakhanda aka, mano sikanamere."

"Wamva?" anatero bambo a mapasa. "Ya achimwene ija inadutsa 200,000 koma ikuyendabe."

"Ya alamu imangopita kuntchito n'kubwerako," anayankha mayiyo. "Iyi inkapita kuti?"

Mayiyo anakhudza boneti ndi kuseri kwa dzanja, monga amachitira pachipumi pa mwana wodwala. Inali yofunda.

"Mwailiza tisanafike?"

"Kuitenthetsa chabe, mayi."

Mayiyo ananjuta. Matayala akutsogolo anali abwinobwino, koma akumbuyo anali see, ngati chikhatho. Analowetsa chala m'paipi ya utsi, chinatuluka chakuda, chonata mafuta.

"Bambo a mapasa, makilomitawo sindikuwakana, ndi ochepadi. Koma nsapato ya mwana wampira imang'ambika pa mwezi umodzi, pamene ya agogo imakhala zaka. Iyi anthu ankaizunza. Tibwere mawa m'mawa, tidzailize ili yozizira, tione utsi wake."

Wogulitsa anaseka mpaka kugwira bondo. "Mawa? Madzulo ano kukubwera bwana wina, ndalama zili m'manja. Kodi makaniko mwabwera nayeyu anaphunzira kuti?"

Bamboyo anayang'ana pansi, kenako naye anaseka. "Sukulu anasiyira panjira ameneyu. Musamumvere."

Mayiyo anapukuta chala chija pansalu yake. Bamboyo anapereka ndalama zija, natenga makiyi. Pobwerera kunyumba anakhala mpando wakutsogolo, mawondo atagunda pachifuwa, akuganiza kuti mapasa azikhala pati.

M'mawa mwake galimoto inalavula utsi wabuluu umene unalowa mpaka kuchipinda. Sabata yachitatu injini inayamba kugogoda, ndipo tsiku lina inangoti zii pakati pa msewu. Makaniko ataitsegula anapukusa mutu.

"Manambalawo ndi oona, palibe anawabweza. Koma ankachita nayo mipikisano iyi. M'katimu zonse zinadyana."

Galimoto inadya ndalama zonse za puloti. Kuikoka pamsewu kunadya foni ya bamboyo. Kutsegula injini kunadya makina osokera a mayiyo, amene ankadyetsa banja masiku ovuta. Pomaliza anaigulitsa kwa ogula zitsulo, ndipo zimene anapatsidwa zinangokwana lendi ya mwezi umodzi ndi theka.