Mapazi M'chifunga

Eni magolosale a kumunsi kwa phiri ankamutchula kuti Namazira. Dzinalo linayamba amuna ake atadwala sitiroko, pamene iye anatenga makiyi a veni yoyera ija n'kuyamba kutsika yekha ndi mathireyi a mazira m'mawa uliwonse. Amunawo anatsala pabedi, dzanja ndi mwendo wakumanzere zitafa, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka. Mlongo wawo, mlamu wake wa Namazira, ndiye ankabwera m'mamawa kudzawayang'anira mpaka veni itabwerako.

Nyengo yozizira itafika, chifunga chinayamba kugona pamsewu wa m'phirimo mpaka dzuwa litakwera. Mwa nyali ziwiri za chifunga, zija za pansi pa bampala, imodzi inali itapsa, inayo inkangophethira ngati kandulo yakutha. Tsiku lina atatsala pang'ono kulowa m'ngalande, Namazira anapita nayo veni kwa mlongo wake wamng'ono, yemwe ankakonza mawaya a magalimoto. Pagalaja ponse ankamudziwa kuti Fyuzi.

Fyuzi anagona chagada pakatoni, n'kutuluka atagwira kababu kakuda ndi utsi.

"Achemwali, aka n'ka nthawi ya Nowa. Alamu anakagula asanakufunsireni."

"Ingosintha iwe, usandinyozere amuna anga."

"Ndikuikirani a LED. Satentha, sadya batire, sapsa msanga. Koma mukalowa m'chifunga muzizimitsa nyali zazikulu, chifukwa zimakubwezerani kuwala m'maso. Izi ntchito yake ndi pansi basi: tala, mzere wa m'mbali, miyendo ya mbuzi."

Anaimika veni moyang'ana khoma, n'kumapotoza kasikulu mpaka kuwala koyera mbee kunagwa m'munsi mwa mawondo ake.

M'mawa mwake Namazira anaona msewu ngati wautsuka. Kamwala kalikonse kankaoneka, ngakhale kuti pamwamba pake panali poyera pokhapokha, popanda mtengo, popanda thambo. Atangodutsa pa mitengo ya bulugamu ya kufupi ndi kwawo, nyalizo zinagwira mapazi a munthu akuyenda m'mbali mwa msewu, kulowera kumunsi. Chifunga chinam'meza munthuyo kuyambira m'mawondo kupita m'mwamba. Phazi lakumanja linkaponda bwino, lakumanzere linkachita kukokedwa, nsonga ya nsapato ikukanda tala. Nsapatozo zinali zofiirira, zachikopa. Buluku linali lotuwa, lopindidwa kumapeto ndi ulusi wobiriwira.

Ulusiwo anausoka ndi Namazira mwini pa buluku la amuna ake, tsiku lomwe wakuda unamuthera.

Anaponda buleki mwamphamvu mpaka kumbuyo kunamveka mazira akuphwanyika. Anatsika.

"Bambo?"

Kunali zii. Mame okha ankadontha m'mitengo. Anayenda kutsogolo kwa veni, mthunzi wa miyendo yake ukutalika patala, koma sanapeze munthu. Anaimbira foni mlamu wake.

"Mlamu, achimwene anu ali bwanji?"

"Ali m'tulo. Bwanji, mwaiwala chinthu?"

"Ayi. Ndimangofunsa."

Atabwerera kunyumba anakwera pampando n'kusuzumira pamwamba pa wadiropu. Nsapato zinalipo, zili fumbi lokhalokha. Anadziseka yekha, n'kutenga beseni kuti awasambitse amuna ake. Atavundukula bulangeti anapeza mapazi awo ali ozizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo chala chachikulu chakumanzere chinali chitasupuka, magazi ake asanaume. Amunawo ankangoyang'ana kudenga.

Mawa lake masana anali pagalaja. Fyuzi anamvetsera akupukuta manja ndi kansanza.

"Ameneyo ndi mlonda wochokera kuntchito, achemwali. Kapena chidakwa."

"Chidakwa chovala buluku losoka ine?"

"Inuyo simukugona mokwanira. Nkhuku, odwala, msewu, zonse munthu mmodzi."

Anayatsa nyali zija, n'kuzimitsa. Sizinazimiretu. M'kati mwa magalasi munatsala kuwala kofooka, kotuwa, ngati maso a galu ali pansi pa tebulo. Fyuzi anati mababu ena amatero, kamakhala kamoto kotsalira m'mawaya. Anasolola fyuzi yake n'kuigwira m'manja. Kuwalako kunakhalabe kanthawi, kenako kunafa pang'onopang'ono. Iye anaseka, koma anachoka kutsogolo kwa veni n'kukaima m'mbali.

"Ngati akukusowetsani mtendere ndikubwezereni achikale aja. Achikasu, osaona patali."

Namazira anaganiza kaye.

"Asiye. Ukawachotsa sikuti bambowo asiya kuyenda. Ine ndi amene ndisiye kuwaona."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse wa chifunga ankawapeza. Sanaimenso. Ankangochepetsa liwiro, n'kuwadutsa, ndipo akayang'ana pagalasi lakumbuyo kunkakhala koyera basi. Chomwe chinamudetsa nkhawa n'chakuti sankawapeza malo amodzi. Lero pa thanki ya madzi, tsiku lina pakona ya miyala yogumuka, kenako kupitirira pamenepo. Ulendo wawo unkapitirira pomwe unalekezera dzulo. Kumunsi kwenikweni kunali mlatho, pomwe chifunga chinkathera ngati wachidula ndi mpeni.

Kunyumba nako zinthu zinasintha. Amuna ake, omwe kale ankadzuka nkhuku zikangoyamba phokoso, anayamba kugona mpaka dzuwa kukwera, kenako mpaka masana.

"Lero ndawagwedeza mpaka ndachita mantha," anatero mlamu wake tsiku lina, akumanga mpango kuti azipita. "Kupuma akupuma, koma ngati munthu ali kutali. Tiwatengerenso kuchipatala."

Anawatengera. Adokotala anawayeza, n'kusintha mapiritsi, n'kunena kuti odwala otere amagonadi kwambiri. Namazira sanatchule za mapazi.

M'mawa womwe anawapeza pamtsetse womaliza, chifunga chinali chokhuthala kuposa masiku onse. Phokoso la madzi a pansi pa mlatho linkamveka ngakhale mawindo anali otseka. Mapazi aja ankayenda mofulumirako, ngati munthu amene waona kwawo. Namazira anawadutsa pang'ono, n'kuima. Sanatsike. Anatambasula dzanja n'kukankha chitseko cha mbali inayo. Mphepo yozizira inalowa.

"Bambo," anatero akuyang'ana kutsogolo, "kwakwana. Kwerani tizipita kunyumba."

Anamva nsapato ikukanda tala, ikuyandikira, n'kuima.

"Musandichititse manyazi pamsewu. Nkhuku mwandisiyira, veni mwandisiyira, ndiye mufuna mundisiyirenso bedi lopanda munthu? Kwerani."

Veni inatsika pang'ono mbali imeneyo, mpando n'kulira monga unkalirira kale akakhalapo. Fungo la mafuta omwe ankawasisita nawo mwendo linadzaza m'katimo. Namazira anapuma mwamphamvu, n'kutambasulanso dzanja kuti atseke chitseko. Asanachigwire, veni inagwedezekanso kachiwiri, mopepuka, chakumbuyo kuja kuli mathireyi.

Sanacheuke. Anatseka chitseko, anatembenuza veni movutikira pamsewu wopapatizawo, n'kuyamba kukwera phiri mazira onse ali momwemo. Njira yonse ankalankhula osapuma, maso ali pa mzere woyera womwe nyali zinkamuonetsa. Anawauza za denga la khola lomwe likudontha, za Fyuzi amene sakufuna kukwatira, za wagolosale wina yemwe amawerenga mazira ngati akuwerenga ana ake. Palibe anayankha. Koma pakona ya miyala yogumuka, pomwe amuna ake ankakonda kumukalipira akamamuphunzitsa kuyendetsa, anamva kugogoda kuwiri padashibodi, ndipo anasintha giya.

Akulowa pageti, mlamu wake anatuluka m'nyumba akuthamanga opanda nsapato.

"Mlamu! Adzuka! Akhala tsonga okha, ndipo alankhula!"

Namazira anayang'ana mpando wa pambali pake. Unali wopanda munthu, koma wonyowa. Anathamangira kuchipinda. Amuna ake anali atatsamira khoma, akupuma ngati munthu wochokera kutali. Anagwada pambali pa bedi n'kuwagwira dzanja lamoyo lija.

"Bambo, mwabwera?"

Amunawo anamuyang'ana. Pakamwa panavutika, mawu n'kutuluka olemera, okokeka.

"Chi... tseko. Unachedwa... kutseka."

Apo m'pamene Namazira anazindikira kuti kunja kuli zii. Khola la nkhuku zambirimbiri, lomwe silinkakhala chete ngakhale mvula ikugwa, linali ngati mulibe kanthu. Anatuluka. Chitseko chakumbuyo cha veni chinali chotsekula, mazira ali bwinobwino. Padothi lonyowa panali mapazi opanda nsapato, aatali, opyapyala, ochokera pa veni kulowera kukhomo la kukhitchini. Obwerera panalibe.

Mlamu wake anawaona nayenso. Anati ndi a wakuba, n'kufufuza m'nyumba monse ndi mpini wa tsache, pansi pa mabedi, kuseri kwa matumba a chakudya cha nkhuku. Sanapeze kanthu. Patapita masiku ochepa anayamba kudandaula msana, kenako anati kwawo kwachuluka zochita, mpaka anasiya kubwera.

Amuna ake a Namazira anachira pang'onopang'ono. Anayamba kudzuka m'mawa, kudya okha, kenako kuyenda ndi ndodo mpaka pakhonde. Nkhuku zinayambiranso kulira ndi kuikira. Namazira ankadikira chifunga chichoke asananyamuke, ndipo eni magolosale akadandaula kuti mazira akuchedwa ankangowauza kuti msewu waipa. Fyuzi atabwera kudzaona alamu ake anakana kulowa m'khitchini, anati amadana ndi fungo la parafini.

Za tsiku lija sanakambiranenso. Namazira ankangoona kuti amuna ake akakhala pakhonde, nthawi zina amabweza mwendo wawo ngati akupatsa njira munthu wodutsa. Ndipo pakhomo la kukhitchini, ngakhale kunja kutauma gwa, m'mawa ankapeza simenti yonyowa.

Madzulo ena, dzuwa lisanalowe, anawabweretsera tiyi patebulo. Amunawo anayang'ana kapuyo, n'kuikankha pang'onopang'ono ndi dzanja lamoyo mpaka inafika kutsogolo kwa mpando wopanda munthu wa pafupi ndi zenera.

"Ndi ndani, bambo?" anafunsa motsitsa mawu.

"Sindi... mudziwa. Anandigwira... dzanja... njira yonse."

Namazira anaika thireyi patebulo. Kenako anapita kukabati n'kukatenga kapu ina.