Mabuleki pa Chitunda cha Chowe

Edmund anaponda buleki kachiwiri, koma phazi linangofika pansi ngati waponda phala.

Galimotoyo anaigula kwa azungu odzaona nyanja ku Makokola, kumene iye anali dalaivala wa hotela. Inali yakale, koma mkati munali bedi, kabati ndi kambaula. Chiigulireni, ntchito yake inali kuipaka penti ndi kuipukuta. Tsiku lina mkazi wake Mabel anamuonetsa madontho a mafuta kuseri kwa tayala lakumbuyo.

"Bambo a Hana, bwanji osaitana amakaniko adzaone mabulekiwa?"

"Galimoto ya mzungu siwonongeka chisawawa. Tidzaona tikabwerako."

Tsopano ankatsika chitunda cha Chowe kuchokera ku Katuli, kumene anakatenga apongozi ake aakazi, a Ruti. Mayiwo anakhala pa bedi kumbuyo atafungata Hana, nkhope atatembenuzira kuzenera kuti asaonane maso ndi mkamwini. Mabel anali kutsogolo, pambali pa mwamuna wake.

Galimoto inayamba liwiro. Edmund anakankhira giya yaing'ono, injini inabangula. Anakoka handibuleki, sinagwire. Patsogolo panali kona, kumunsi kwake chigwembe. Anapotoza chiwongolero n'kulowetsa galimoto m'munda wa nandolo, mpaka inakaima pa chulu.

Hana analira, koma sanavulale. A Ruti anagwera kutsogolo, bondo litamenya kabati, duku litavuka. Kuima sankatha. Anyamata a chipani amene ankafunsa makadi pamsewu anathamangira komweko, koma anangozungulira galimoto n'kumasuzumira bedi.

Edmund, amene chikwatirireni anali asanadyepo pamaso pa apongozi ake, anagwada n'kuwabereka. Anakwera nawo mpaka kumsewu akumva mpweya wawo m'khosi mwake, maso ali pansi.

Lole ya fodya inawatengera ku chipatala ku boma. Atawamanga bondo, a Ruti anayankhula ndi mwana wawo mokweza kuti mkamwini, amene anaima pakhomo, amve.

"Mabel, uwathokoze bambo a Hana. Akanakhala dalaivala wina, bwenzi tonse tili kuchigwembe. Mulungu anakupatsa mwamuna wosamala."

Amayi a pa mabedi ena anavomereza, wina mpaka anawomba m'manja. Edmund anayang'ana Mabel, koma Mabel ankakonza bulangete la mayi ake.

Ali panja pansi pa mtengo wa mango, Edmund anayesa kuyankhula.

"Amake Hana, ine…"

"Sindiwauza," anatero Mabel motsitsa mawu. "Asiyeni azikuyamikani. Akakafika ku Katuli akauza mudzi wonse, ndipo mukapitako mudzalandira nkhuku. Mudzadye."

Anabereka Hana, namanga chitenje pachifuwa.

"Ine ndigona konkuno ndi amayi. Akachira ndiwaperekeza pa basi."

Edmund anatsala pansi pa mtengopo, makiyi ali m'manja.