Denis ndi Mvula ya pa Malata

Mvula ikangoyamba kugwa pa malata, Denis ankagwira makutu, n'kuyamba kukuwa ndi kumenyetsa mutu kukhoma. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi koma sankayankhula. Ali wamng'ono ankatha kunena kuti "amama" ndi "madzi", kenako mawuwo anangozimirira. Ukamuitana sankacheuka. Ankakhala yekha kuseri kwa nyumba, kumandandalika zitsekerero za mabotolo.

Tsoka lake, mawuwo anatha chaka chomwe bambo ake, a Rafaeli, anakhoma malata atagulitsa bwino nandolo. Anthu a m'mudzi mwawo ku Nchema sanachedwe kulumikiza ziwirizi, paja pakamwa salipira msonkho. Pa mjigo nkhani inali imodzi: a Rafaeli anakhwimira mwana wawo. "Simukumva mmene amalirira mvula ikagwa? Akulirira mawu ake amene ali padengapo."

Mayi ake, a Kristina, anayenda naye kwa asing'anga ndi kumapemphero. Mwana anadzaza mphini thupi lonse, koma palibe chinasintha.

Tsiku lina kunabwera a Lawrence, mchimwene wawo wa a Kristina, amene anali mwinimbumba. Anakana mpando.

"Alamu, tikakolola muzule malata anuwa muzipita kwanu ku Mpama. Mwana wathu mwamuononga."

"Alamu, ine ndingaphe bwanji magazi anga? Mwanayu sadya ndikapanda kukhala naye pafupi."

"Ndiye chizindikirocho," anatero a Lawrence.

A Rafaeli anayang'ana akazi awo. A Kristina anangowerama. Chete ameneyo anawapweteka kuposa mawu a alamu awo, chifukwa anadziwa kuti akazi awonso ayamba kukayika. M'nyumbamo anthu anasiya kuyankhulana.

Chimanga chikucha, kunafika mayi Nabanda, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Anapeza Denis atamangidwa mwendo ndi chitenje pa nsanamira ya pakhonde.

"Mayi a Denis, mwanayu walakwanji?"

"Amathawa ndikapita kudimba. Nditani ine? Ndatopa, amayi," anatero a Kristina, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anafotokoza zonse, mpaka za chigamulo cha achimwene awo.

Mayi Nabanda anamasula chitenje chija. "Kumumanga kumangomuwonjezera mantha. Ku chipatala cha mishoni kuli aphungu amene amaona ana otere. Mupite nonse, ndipo a Lawrence asatsale. Ndikawapempha ndekha."

A Lawrence anavomera, poganiza kuti akaonetsa poyera ufiti wa mkamwini.

Kuchipatala anakumana ndi a Francisko, mphungu wa ana ndi mabanja. Iwo anamuyeza Denis makutu, n'kumusiya kuti azisewera pansi uku akufunsa mafunso ambirimbiri.

"Kodi amakuwa ikagwa mvula yokha?"

"Ayi," anayankha a Rafaeli. "Kuchigayo safika. Kutchalitchi ng'oma zikalira timatuluka naye."

"Nanga mvula ikamupeza m'nyumba yaudzu?"

Apa a Lawrence anadumphira. "Inamupezapo kwanga, anangogona phee. N'chifukwa chake ndikuti malatawo ali ndi kanthu."

"Ali ndi kanthu ndithu, bambo. Ali ndi phokoso," anatero a Francisko mofatsa. "Mwanayu ali ndi otizimu. Ubongo wake umagwira ntchito mosiyana ndi wa ana ena. Phokoso limene ife timalipirira, iye limamuwawa ngati minga m'makutu. Ana ena otere amayamba kuyankhula kenako n'kusiya. Amabadwa kwa olemera ndi kwa osauka, m'nyumba zamalata ndi zaudzu zomwe. Si ufiti, ndipo palibe kholo limene linalakwa."

"Ndiye mutipatse mankhwala achire," anatero a Kristina.

"Mayi, sindikunamizani. Mankhwala ochotsa otizimu kulibe. Mwina adzayankhula, mwina ayi."

A Kristina analira mokweza, ndipo a Francisko anawasiya kuti alire. Atatonthola anawauza zimene zimathandiza. Azimuyankhula mawu ochepa, omwewomwewo. Kudya, kusamba ndi kugona zizichitika nthawi yofanana tsiku lililonse. Amuphunzitse kuloza chimene akufuna, ndipo akakwiya asamumenye koma apite naye pamalo a zii. Anawauzanso za gulu la makolo a ana otere limene limakumana mwezi ndi mwezi.

"Ndipo musamulekanitse ndi munthu amene amamukhulupirira," anawonjezera. "Bambo akewa akachoka, mwanayu abwerera m'mbuyo kwambiri."

 Kupepesa mkamwini n'kovuta kwa mwinimbumba, ndipo pakamwa pa a Lawrence sipanatuluke pepani. Koma Loweruka anafika atasenza nsungwi ndi mphasa.

"Alamu, tengani makwerero. Mutu umodzi susenza denga."

Anamanga mphasazo kunsi kwa malata, n'kuyala udzu wouma pamwamba pake kuti phokoso lizichepa.

Moyo sunapepuke tsiku limodzi. Denis ankathawabe nthawi zina, ndipo pa mjigo ena ankanong'onabe. Koma a Kristina anapeza anzawo kugulu kuja, amayi amene sankafunika kuwafotokozera zambiri. Akapita kudimba ankasiya mwana kwa a Lawrence, osati pa nsanamira. Pang'onopang'ono Denis anaphunzira kuloza kapu akamva ludzu.

Mvula yoyamba ya dzinja lotsatira inagwa masana, banja lonse lili m'nyumba. Denis anagwira makutu, n'kuyang'ana kudenga. Kenako anatsitsa manja, anapita kukakhala pamiyendo ya bambo ake. Sanakuwe.

A Kristina anatembenukira kwa amuna awo. "Bambo a Denis, ndinakukayikirani. Mundikhululukire. Pano ndi panu."

Otizimu si ufiti, si kukhwima, ndipo si chilango. Mwana wanu akamachedwa kuyankhula, akamapewa anzake kapena akamavutika ndi phokoso, musamumange, musamutemere mphini, ndipo musalozane zala. Pitani naye kuchipatala msanga, banja lonse, mukalandire uphungu. Mwana wotere amafunika abale ake onse pafupi.