Makadi pa Wilibala

Ba Ngosa anathyoka mwendo atagwa pa mulu wa matumba a feteleza kufakitale ina ya ku Heavy Industrial Area. Anabwerera kwawo ku Kanyama mwendo uli m'chikhakha, ndipo sabata isanathe anali atayambana ndi aliyense, mpaka wailesi. Akazi awo, Ba Deborah, atatopa nawo anakadandaula kwa neba wawo, Ba Hatibu, mkulu wokhoma mbaula ndi ndowa.

Ba Hatibu anabwera ndi makadi akale komanso thireyi ya malata.

"Imwe ba kumzikiti, mwanibweretsela juga?" anafunsa Ba Ngosa.

"Juga ni yodyana. Apa muzadya ndani? Muzasewela mweka."

Anayala milu isanu ndi iwiri pathireyipo: woyamba khadi limodzi, wachiwiri awiri, choncho mpaka womaliza, lapamwamba lokha ndilo lovundukula. Anafotokoza kuti lofiira limagona pa lakuda, lakuda pa lofiira, manambala akutsika: sikisi pa seveni, jeki pa kwini. Eyi ikaoneka imakwera pambali kukayambitsa mulu wa mtundu wake, ndipo mulu wapansi ukatha, pamalopo pamakhala king'i yekha. Zikakanika, munthu amatembenuza makadi otsala m'manja limodzilimodzi. Makadi onse akakwera pa maeyi, wapambana.

Ba Ngosa ankasuntha khadi lililonse lomwe maso agwerapo, masewero n'kuima msanga.

"Muthamangila kuti na mwendo umozi?" ankatero Ba Hatibu. "Yambani mwavundukula vobisika, maka-maka pa mulu ukulu. Ndipo osasiliza mulu ngati mulibe king'i woikapo."

Masabata anapita osapambana ngakhale kamodzi. Koma m'nyumba munagwa bata, moti Ba Deborah ankabwera kuchokera kumsika n'kupeza amuna awo akung'ung'udzira makadi m'malo mwa anthu.

Tsiku lina m'mawa mu Febuluwale kunagwa chimvula. Ngalande zinadzaza, madzi n'kuyamba kulowa pakhomo. Ba Deborah anakweza matiresi ndi ufa pamwamba pa kabati, nathamangira kwa Ba Hatibu, amene shopu yawo inali pamtunda pang'ono. Anabwerera limodzi akukankha wilibala.

Anapeza Ba Ngosa ali pampando, mwendo atausanjika patebulo, thireyi ili pamiyendo, masilipasi akuyandama.

"Bashi Chalwe, tiyeni!" anakuwa Ba Deborah, kuwaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba.

"Yembekeza, Debo. Onako! Yobisika yasala yatatu chabe."

"Manzi yafika m'maondo, imwe mukamba vamakadi?"

Ba Hatibu anawerama n'kuyang'anitsitsa thireyiyo. Kenaka anapukusa mutu.

"Mulamu, iyi geimu niyopambana. Kuisiya ni chimo."

Ba Deborah anawayang'ana amuna awiriwo, natukula manja m'mwamba. Komabe ndi iwo amene anagwira amuna awo m'khwapa mpaka kuwakhazika m'wilibala, thireyi osapendekeka. Anatsegula ambulera, ndipo poona kuti singakwanire zonse, anafunditsa makadiwo. Mvula inawathira Ba Ngosa m'mutu njira yonse. Anthu amene ankakapa madzi m'makomo mwawo anasiya ndowa n'kumaseka.

"Pang'onopang'ono, Ba Hatibu! Pali mwala apo!" anali Ba Deborah tsopano amene ankalondolera njira, maso ali pa makadi.

Atafika mushopu, Ba Ngosa sanalole n'kutsitsidwa komwe. Ali m'wilibala momwemo anaika faifi wakuda pa sikisi wofiira, pansi pake panatuluka eyi yomaliza, ndipo makadi anayamba kukwera motsatizana mpaka king'i wotsiriza.

"Debo! Waona?"

"Naona, bamuna banga," anatero Ba Deborah akuwapukuta kumutu ndi chitenje. Kenaka anagwira chikhakha chija. Chinali chitafewa ngati phala.

M'mawa mwake Ba Hatibu anawakankhanso Ba Ngosa pa wilibala yomweyo mpaka kukiliniki, kumene nesi anawakalipira onse atatu asanamange china.